Chikepe Chosakwera Anthu

Kwathu ku Chulu ndikamadutsa pa njinga anthu amati, "Awo a Chikepe akupita." Ana amene anabadwa ine ndili ku Joni amayesa kuti ndi dzina langa la ubatizo. Sindiwatsutsa. Ndinatopa nako kulongosola.

Ndinachoka fodya ali m'zigafa. Ndinali ndi satifiketi ya makompyuta ya ku koleji ina ku Lilongwe, imene amayi anailipirira ndi mtedza ndi mbuzi, koma inangogona m'sutikesi n'kumadyedwa ndi mphemvu. Bambo anali atamwalira kale. Pakhomo panatsala amayi, mlongo wanga wamng'ono, ndi munda. Mundawo unali wa agogo awo a amayi, waukulu ndithu, koma wotopa. Fodya wa zaka zambiri anauyamwa, moti popanda feteleza chimanga chinkalekera m'chiuno n'kuchita chikasu, kaufiti n'kuyala maluwa ake ngati pali ukwati. Boma litayamba kugawa makuponi a feteleza wotsika mtengo, dzina la amayi linalowa pakati pa akazi amasiye, ndipo kwa nthawi yoyamba nkhokwe yathu inadutsa Khirisimasi ili ndi kanthu. Ndinakwera basi mtima uli m'malo chifukwa cha kuponi imeneyo. Ndinkadziwa kuti kaya kunjako zivute bwanji, amayi adzalima munda wawo ndipo adzadya.

Anandiperekeza ndi amalume, a Lazaro, mlongo wawo wa amayi komanso mwini mbumba yathu. Iwo anagwirako ku migodi ya ku Joni ali mnyamata. Anabwerako ndi wayilesi, njinga, jekete lachikopa ndi chifuwa. Zinazo zinatha kalekale, chifuwa chokha n'chimene chinawakakamira.

"Ukafika usakaope chikepe," anandilangiza pa depoti. "Tsiku loyamba chikamatsika matumbo amakwera kukhosi, koma umazolowera."

"Malume, ine sindikupita ku mgodi."

"Aliyense amatero," anayankha, n'kutsokomola mpaka basi inanyamuka.

Za miyezi yoyamba sindikonda kuzikamba. Tinkagona ambiri m'chipinda chimodzi chogawa ndi makatani, ndipo munthu unkadziwa mavuto a mnzako ngakhale usakufuna. Ndinayamba ndi kukonza makompyuta akufa kuseri kwa shopu ina. Kumeneko n'kumene ndinakumana ndi Tendai, mnyamata wa ku Zimbabwe, wamtali, woseka ngakhale zinthu zosaseketsa. Anaona mmene ndinamukonzera makina ake ndipo ananditengera ku kampani ina yaing'ono kumene iye ankagwira. Kampaniyo inkalemba pulogalamu ya pa kompyuta yowerengera katundu m'nyumba zosungiramo katundu ndi m'mashopu a mankhwala. Mapepala anga sanali olongosoka, ndiye anandilemba ngati wophunzira ntchito. Ndinakhala wophunzira mpaka tsiku limene ndinachoka, ndipo malipiro anali a wophunzira.

Anandipatsa ntchito imene aliyense ankaikana. Amene anagwirapo kompyuta akudziwa kuti zolembedwa zikachuluka sizikwana pa sikirini. Ndiye kumbali ya kumanja kumakhala kanjira kowongoka kochokera pamwamba kufika pansi, ndipo m'kanjiramo muli kachidutswa kotuwa. Ukakagwira ndi mausi n'kukakokera pansi, zolembedwa zimakwera, iwe n'kuona zimene zinabisika kumunsi. Kachidutswa kameneko kanali ntchito yanga. Pulogalamu yathu inkayenda pa makompyuta akalekale, ndipo kampani inasankha kudzipangira kake m'malo mogwiritsa ntchito kopanga ena.

Mungaseke, inenso poyamba ndinaseka. Koma kanthuko kali ndi milandu yambiri. Zolembedwa zikakhala zochepa kayenera kutalika, zikachuluka kafupike, kuti munthu akangokayang'ana adziwe kutalika kwa ulendo wake. Koma kakafupika kwambiri sikagwirika. Munthu akadina m'kanjira pamene kachidutswako palibe, kodi kadumphe kukafika pomwepo kapena katsike tsamba limodzi lokha? Akamakakoka dzanja n'kuterereka kupita kumbali, kabwerere pamene kanali kapena kakhale pamene kafika? Nanga katundu watsopano akamalowa m'kaundula munthu ali mkati mowerenga, mzere wake umuthawe? Zonsezi zinkafuna wina woti azigamule, ndipo anthu ankatha kukangana mpaka tiyi kuzizira.

Tsiku lina ananditumiza ku nyumba ina yosungiramo katundu kukaona mmene anthu akugwiritsira ntchito pulogalamuyo. Ndinapeza mayi wina wachikulire wa zala zotupa ndi nyamakazi akulimbana ndi kachidutswa kaja. Katundu anali wambiri, ndiye kanali katafupika ngati njere ya mpunga. Ankakaphonya, n'kutukwana chapansipansi m'chinenero chake, n'kuyambanso. Nditabwerera ku ofesi ndinaika malire oti kasamachepe kupitirira pamene chala chotopa chingakapeze. Mayi uja sanadziwe kuti ndine ndinakonza, ndipo sindinamuonenso. Koma ndinanyadira, sindibisa.

Dzina linachokera kwa mzungu wina wokalamba wa mu ofesimo. Anandiuza kuti kale anthu a ntchitoyi ankatcha kachidutswako ndi dzina la chikepe m'Chingerezi, chifukwa kamakwera ndi kutsika m'ngalande yake. Ndinaseka pokumbukira amalume pa depoti paja. Nditamuuza Tendai, iye anaseka koposa.

"Kwathu chikepe chimayenda pamadzi," anatero. "Inu a ku Malawi mumachikweza kumwamba? Ndiye chifukwa chake mumasochera."

Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse ankandipatsa moni woti, "Akapitawo, chikepe chadzuka bwanji?" Masana tinkadya limodzi pa masitepe a kuseri, buledi ndi nyemba za m'chitini. Chaka chimene kunabuka chipwirikiti chothamangitsa alendo m'makomboni, tinagona masiku angapo pansi pa madesiki a mu ofesi, titafunda jekete limodzi. Ngakhale apo iye ankati tikafa atiike m'chikepe changa, tikwere kumwamba tsamba limodzilimodzi.

Kunyumba kunalibe foni. Lamlungu akatuluka m'tchalitchi amayi ankabwereka ya mphunzitsi wina, n'kukwera pachulu cha kuseri kwa sukulu pamene netiweki inkagwira. Lamlungu lina ndikulankhula ndi amayi, amalume analanda foniyo.

"Iwe, anthu akundifunsa kuno. Ukugwira ntchito yanji kwenikweni?"

Ndikanati chiyani? Mawu a Chichewa a ntchito imeneyi kulibe. Ndinatola amene ndinali nawo pafupi, amenenso ndinkayesa kuti awaseketsa.

"Andipatsa chikepe, malume. Chikepe cha mu kompyuta."

Mawu otsirizawo kaya anapita ndi mphepo ya pachulu, kaya amalume anawataya dala, sindidziwa. Ndinangomva akufuula, "Chikepe! Achemwali, mwanayu amupatsa chikepe!" Kenako mayunitsi anatha.

Kuti mumvetse, m'masiku a amalume woyendetsa chikepe cha mgodi ankakhala mzungu. Munthu wakuda ankangolowamo, atapanikizana ndi anzake, n'kutsitsidwa mumdima. Wamwayi kwambiri ankapatsidwa belu loti aziliza. Ndiye mphwawo, mwana wa mlongo wawo, wakhala pampando wa mzungu uja! Munthu amene ankalephera kufika pachitsime osapuma anayenda mudzi wonse ndi nkhaniyo. Anafika nayo kumaliro, kumsika, kubawo. Lamlungu lotsatira anaimirira m'tchalitchi kupereka chopereka chothokoza. Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa, koma wanga kandimverere anali mwini mbumba, ndipo palibe amene akanamukayikira.

Nyengo yolemba maina a makuponi inafika. Wapampando wa komiti ya m'mudzi anali a Mbewe, mkulu wa mpingo, mlimi wa fodya wa zigafa zingapo. Sindinawamvepo akukweza mawu pamoyo wanga wonse. Mlongo wanga ndi amene anandisimbira pafoni mmene zinayendera pabwalo la sukulu. Atafika pa dzina la amayi, a Mbewe anavula magalasi n'kunena mofatsa:

"Abale, makuponi chaka chino abwera ochepa. Mayi Nabanda Mulungu wawakumbukira, mwana wawo akuyendetsa chikepe ku mgodi. Kodi sitingawapemphe kuti asiyireko anzawo amene alibe wowathandiza?"

Anthu anaomba m'manja. Amalume, amene anakhala kutsogolo, anaomba koposa onse. Amayi anangoweramitsa mutu.

Ndinapsa mtima kwambiri. Lamlungu lotsatira ndinati, "Amayi, pitani mukawauze kuti si zoona. Ine sindili ku mgodi, ndipo ndalama za ku mgodi sindinazionepo."

"Ndikaime pagulu ndinene kuti amalume ako ndi abodza?"

"Koma amene mugone ndi njala ndinu."

"Iwe tumiza zimene ungathe," anatero amayi. "Munthu uja wadwala nthawi yaitali. Chimene chikumudzutsa m'mawa masiku ano ndi nkhani yako yomweyi. Ndimulande?"

Ndinayesa kwa eni akewo. Ndinalankhula pang'onopang'ono, liwu ndi liwu. "Malume, chikepe changa n'cha mu kompyuta."

"Eya, eya," anavomera mosangalala. "Masiku ano zonse n'za makompyuta. Ife tinkaliza belu."

Ndinatumiza zimene ndikanatha, kudzera kwa madalaivala a mabasi. Koma ndalama ya munthu wa chikepe ili ndi eni ake ambiri. Maliro akagwa, bokosi linkayang'ana kwathu. Ana a abale amene sindinawaonepo anayamba kuthamangitsidwa fizi. Amalume ankafunika kupita ku chipatala kuboma kawirikawiri. Amayi sakanatha kukaniza munthu, chifukwa akanatchedwa omana pamene mwana wawo akusambira m'ndalama. Pofika nthawi ya feteleza zotsala zinakwana thumba limodzi la pa mtengo wa m'sitolo. Analithira ndi kachitsekerero ka botolo, phando ndi phando, ndipo linathera pakati pa munda. Chaka chimenecho nkhokwe inauma mvula isanagwe.

Chaka chotsatira dzina silinabwerere. Dzina likatuluka limavuta kulowanso, chifukwa pamalo pake pamakhala pataima munthu wina amenenso ali ndi njala yake. Apa a Mbewe anabwera kunyumba, chipewa chili m'manja. Anati zikuwamvetsa chisoni kuona munda wabwino ukugona. Anapempha kubwereka theka lake kuti adzalemo fodya, ndipo adzapereka matumba a chimanga pokolola. Amayi anavomera, nanga akanadya chiyani? Chaka chinacho anabwereka wonse. Chimanga ankapereka ndithu, osachedwa ngakhale tsiku limodzi, ndipo izi n'zimene zimandiwawa kwambiri, chifukwa palibe pamene ndingaloze kuti apa anaba.

Ine uko ndinkakhala pa desiki kuyeza ngati kachidutswa kaja kakutsetsereka bwino. Ndinkadziuza kuti chaka chamawa andilemba ntchito yeniyeni, ndidzagula feteleza wa munda wonse, amayi adzauza a Mbewe kuti zikomo, zakwana. Chaka chamawacho chinkangosuntha.

Kenako kampani inalemba mnyamata wina wokonza maonekedwe a pulogalamu, wa magalasi akuluakulu ndi nsapato zoyera. Pa msonkhano wake woyamba analoza kanjira kanga pa sikirini n'kunena kuti kakudetsa. Anati mapulogalamu amakono akukabisa: kazioneka pokhapokha munthu akayamba kusuntha zolembedwa, akasiya kazizimiririka. Ndinakweza dzanja. Ndinafunsa kuti ngati sikakuoneka, munthu adzadziwa bwanji kuti kumunsi kuli zina. Ndinawauza za mayi wa nyamakazi uja. Anandimvetsera mwaulemu, abwana anati ndi mfundo yabwino, ndipo anagamula kuti kabisidwe.

Ntchito yokabisa anapatsa ine. Ndinakachepetsa mpaka kanatsala ngati ulusi, ndinayeza nthawi yoti kazikhala kasanazimirire, ndinakonza kuti kazichoka mofewa osati mothawa. Ndinaigwira bwino ntchitoyo. Ndinkayembekezera kuti makasitomala adandaula ndipo abwana abwera kudzandipepesa. Palibe amene anadandaula. Patapita miyezi yochepa anandiitana mu ofesi n'kundiuza kuti tsopano azigwiritsa ntchito kopangidwa kale ndi ena, ndipo nthawi yanga yophunzira yatha. Anandigwira chanza.

Tendai anandiperekeza ku basi. Tsiku limenelo sanaseke. Anandipatsa laputopu yake yakale, pulogalamu yathu ili momwemo. "Ukawaonetse," anatero. "Akaone ndi maso awo, akusiye."

Ndinafika kwathu m'chilimwe, dzuwa likuswa mtengo. Amayi anali atachepa thupi, mlongo wanga anali atakwatiwa ku Lukwa, amalume ankangokhala pamphasa pakhonde. Ndisanamwe n'madzi omwe ndinapita kumunda. Ndinapeza mizere ya a Mbewe kuyambira kumtunda mpaka kudambo, ndipo m'mphepete munali mutaima chigafa chatsopano cha mitengo yolimba. Munthu wobwereka munda wa chaka chimodzi samanga chigafa chotero. Ndinadziwa kuti ngati amayi salowanso m'mundamo chaka chomwecho, ana a a Mbewe adzakula akudziwa kuti ndi wawo. Ndalama ya feteleza ndinalibe. Chinatsala ndi kuponi, ndipo maina ankalembedwa sabata yomweyo.

Amayi anandiletsa. "Zisiye, mwanawe. Zinapita zimenezo." Sindinamvere. Amalume, atamva kuti mphwawo akalankhula pabwalo, anavala jekete lobwereka n'kuuza mnansi wina awakweze pa njinga.

Pabwalo la sukulu panadzaza. A Mbewe atamaliza pemphero ndinapempha mwayi, ndipo anandipatsa mokoma mtima.

"Makolo anga," ndinayamba, "dzina la amayi linachotsedwa chifukwa munamva kuti ndikuyendetsa chikepe ku mgodi. Ine ku mgodi sindinapondeko. Chikepe chimene ndinkanena ndi kanthu kakang'ono ka mu kompyuta. Ndabwera nako kuti mukaone."

Ndinatsegula laputopu pa tebulo la komiti. Anthu anaunjikana, ena akutchinga dzuwa ndi zitenje kuti sikirini ioneke. Pulogalamu inatseguka, mizere ya katundu inadzaza. Ndinaloza kumanja.

"Chili kuti?" anafunsa mayi wina.

Panalibe kanthu. Ndinali nditaiwala kuti Tendai anaikamo pulogalamu yatsopano. Ndinasuntha chala, ulusi uja unaonekera, ndipo ndisanati "ichi" unali utazimiririka mofewa, monga momwe ndinaukonzera.

"Chapita!" wina anakuwa kumbuyo. "Chikepe chatisiya!"

Bwalo lonse linafa nacho chiseko. Ndinasunthanso, ndinasunthanso, thukuta likutsika m'khosi. Nthawi iliyonse kakaonekera anthu ankati "Icho!" kakachoka ankati "Chapita!" ngati ali ku mpira.

A Mbewe sanaseke. Anadikira phokoso lithe, n'kundifunsa mwaulemu, "Achimwene, ndiye kuti zaka zonsezi ankakulipirani chifukwa cha kameneka? Mutakhala pampando, pamthunzi?"

"Inde, koma malipiro ake..."

"Zikomo." Anatembenukira kwa anthu. "Abale, ine sindigamula ndekha. Wa ku mgodi amakhetsa thukuta. Mnzathuyu ankalipidwa chifukwa cha chinthu chosaoneka n'komwe, ndipo wabwera ndi kompyuta m'manja, chinthu chimene ngakhale ahedi pasukulu pano alibe. Kodi nyumba imeneyi tiiwerengere pa osauka?"

"Ayi!" linayankha bwalo. Ena mwa amene anayankha anali oti bokosi la bambo awo ndinagula ndine.

Anthu atabalalika ndinapeza amalume atatsamira mtengo, jekete lija litawakulira. Sanandikalipire. Anandikodola kuti ndikhale pansi.

"Chikepe chakocho," anafunsa, akupuma movutika, "mumakwera anthu angati?"

"Simukwera munthu, malume."

"Chimatsika mamita angati?"

"Sichitsika kwenikweni. Chimangooneka ngati chikutsika."

"Nanga ukalakwitsa, amafa ndani?"

"Palibe amene amafa."

Anagwedeza mutu nthawi yaitali. Kenako anaitana mnansi uja kuti awakweze pa njinga. Kuyambira tsiku limenelo sanapitenso kubawo, ndipo ndikawapatsa moni ankayankha ngati akuyankha mlendo. Ndinawalanda chimene amayi anakana kuwalanda, ndipo sindinapeze nacho ngakhale kachitsekerero kamodzi ka feteleza.

M'mawa mwake amayi anasamba, anamanga chitenje cha ku tchalitchi n'kutuluka. Ndinawaona akulowera njira ya kwa a Mbewe. Ndinafuna kuwathamangira, koma ndikanawauza kuti tidzathira chiyani m'mundamo?

Anabwerako dzuwa litakwera. Anakhala pakhonde, anavula nsapato, n'kuyang'ana kumunda.

"Ndawapatsa chaka chinanso," anatero. "Akuti awokera fodya mvula yoyamba ikangogwa, ndipo akufuna aganyu awiri odziwa bwino mundawo."

Kenako anatembenukira kwa ine.

"Ndawauza kuti tilipo. Makasu ali kuseri kwa nkhokwe, lako likufunika mpini."